Funsani Amalume: Maseva akasiya kumvana

Makalata a mwezi uno ndawayankhira pakhonde pano pa Ngabu, chifukwa m'nyumba simukhalika. Okutobala wa kuno mukumudziwa. Nthawi ikangokwana 9 koloko malata ayamba kale kuthetheka, mbuzi zonse zaunjikana pansi pa msawu, ndipo fani ikungokubwezera mpweya womwewo wa mu uvuni. Ndasankha makalata asanu ofunsa za chinthu chimodzi: maseva angapo (makompyuta otumikira makompyuta ena) olumikizidwa kuti azisunga deta mu RAM n'kumagwira ntchito ngati makina amodzi. Amisirife timangoti cluster. Amene munalemba za mafoni ogwera m'madzi, pepani, tionana mwezi wamawa.

Kwa inu amene simuli m'ntchitoyi, ndiyambe ndakuunikirani pang'ono. Kompyuta ili ndi malo awiri osungira zinthu. Disiki ndi nkhokwe: mumalowa zambiri, ndipo zimagona momwemo ngakhale magetsi azime. RAM ndi ufa umene uli kale m'lichero pambali pa moto. Kuutapa sikuchedwa, koma ndi wochepa, ndipo magetsi akangophethira watayika wonse. Kutenga kanthu mu RAM n'kofulumira pafupifupi ka 1,000 kuposa pa disiki ya SSD. Ndiye amisiri anati, bwanji titenge malichero a makompyuta ambiri, tiwagawire ufawo, aliyense asungeko gawo lake ndi kope la gawo la mnzake? Mapulogalamu ochita zimenezi alipo angapo: Hazelcast imagawa deta m'magawo 271 mukapanda kuisintha, Apache Ignite m'magawo 1,024, Redis Cluster m'magawo 16,384. Nzeru yake ndi yomweyo. Mavuto akenso ndi apachibale.

*Amalume, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimayang'anira makompyuta a bungwe lina la alimi losunga ndi kubwereketsa ndalama. Tili ndi maseva anayi a Hazelcast, awiri pa Nchalo, awiri pa Bangula. Tsiku lina netiweki ya pakati pa maofesi awiriwa inaduka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 masana. Ntchito sinaime. Maakaunti ena ochepa sankaoneka, koma ambiri ankaoneka, ndiye tinapitiriza kuthandiza anthu. Netiweki itabwerera, ndalama zimene anthu ena anasungitsa tsikulo zasowa m'makina, ndipo bambo wina anatapa ndalama zomwezo kawiri, m'mawa pa Nchalo, masana pa Bangula. Abwana akuti ndadya ndine. Ndithandizeni.*

*Wosowa tulo, Nchalo*

Mphwanga, sunadye kanthu, ndipo umboni uli m'makina mwako momwemo. Koma imva kaye nkhani ya azakhali anga.

Madzi osefukira a Januwale 2015 atadula Makhanga, gulu la banki mkhonde la azakhali linagawika pawiri. Amayi ena anatengedwa kupita kumsasa wa ku Bangula, ena anatsala tsidya lija. Mlembi anali kuno ndi kope la gulu. Wachiwiri wake anatsala uko, ndipo poona kuti anthu akufuna kabwezedwe ndi kangongole ka mchere ndi sopo, anagula kope lina n'kuyamba kulemba zimene ankakumbukira. Aliyense mwa awiriwa ankagwira ntchito mokhulupirika. Aliyense ankayesa kuti gulu ndi amene ali nawowo basi. Madzi ataphwa, makope awiri anakumana pamkeka umodzi, ndipo mkangano wake unatha mwezi.

Zimene zachitika kwanu ndi zomwezi. Amisiri amati split brain. Maseva a Hazelcast amatumizirana kauthenga koti "ndilipo" pa masekondi 5 alionse, ndipo mnzawo akakhala chete kwa masekondi 60 amamuyesa wakufa n'kumufufuta pamndandanda. Vuto n'lakuti seva singathe kusiyanitsa mnzake wakufa ndi mnzake wamoyo amene njira yopita kwa iye yaduka. Awiri a pa Nchalo anawalira maliro a pa Bangula, a pa Bangula nawonso analira a pa Nchalo, kenaka mbali iliyonse inadzilonga ufumu n'kupitiriza kulandira ndalama.

Maakaunti ochepa osaonekawo ndiwo anali belu lochenjeza. Hazelcast imasunga kope limodzi lapadera la gawo lililonse pa seva ina. Pa maseva anayi, nthawi zina gawo ndi kope lake zimagwera mbali imodzi. Ukawerengetsera, mbali iliyonse imasowa pafupifupi akaunti imodzi mwa zisanu ndi imodzi zilizonse. Mukanaima pamenepo, bwenzi lero ukugona.

Nanga ndalama zinapita kuti? Netiweki ikabwerera, mbali imodzi imagonja n'kulowa mwa inzake. Imagonja ndi ya maseva ochepa, ndipo zikafanana ngati kwanuko pulogalamu imasankha yokha. Lamulo lophatikizira limene Hazelcast imabwera nalo limatchedwa PutIfAbsentMergePolicy. Tanthauzo lake: zolemba za wogonja zilowe pokhapokha ngati wopambana alibe kalikonse pa dzina limenelo. Mayi amene anasungitsa ndalama ku mbali yogonja, akaunti yake inalipo kale ku mbali yopambana ndi ndalama za dzulo. Za dzulozo ndizo zinatsala. Za lero zinatayidwa mwakachetechete, popanda kakalata kalikonse kofiira pa sikirini.

Tsopano chita izi, ndipo uchite usanazimitse kapena kuyatsanso seva ina iliyonse. Kopera ma log (mafayilo amene seva imalembamo zochitika) a maseva onse anayi a tsikulo pa flash, uisunge kunyumba. Mu log ya Hazelcast, maseva akalowa kapena kutuluka m'gulu, imalemba mzere umene umayamba ndi mawu akuti Members, pambali pake size ndi nambala. Upeza size:4 ikusanduka size:2 patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri netiweki itaduka, pa Nchalo ndi pa Bangula pomwe, kenaka 4 kubwerera masana. Sindikiza mizere imeneyo papepala, uike pambali pa malisiti a tsikulo, upite nazo kwa abwana pamodzi ndi msungichuma. Ndalama zenizeni zimene anthu anasungitsa zili m'kabati kapena kubanki. Chasowa ndi cholemba chabe, ndipo malisiti achibweza.

Za m'tsogolo, ndili ndi mawu owawa. Amene anakuikirani makinawa anayala cluster imodzi pa maofesi awiri olumikizidwa ndi netiweki yodalira nyengo. Kuno ku Chigwa cha Shire, kumene mtsinje wa Mwanza umatha kutseka M1 usiku umodzi, chimenecho n'chinthu chosachita. Maseva a cluster imodzi akhale m'chipinda chimodzi, pa switch (kabokosi kolumikiza maseva) yodalirika. Ofesi inayo izingolumikiza ngati kasitomala. Chiwerengero chikhale chosagawika pakati, atatu kapena asanu, kuti pakagawanika padziwike mbali yochuluka. Kenaka uyatse chimene Hazelcast imachitcha split-brain protection, uike minimum-cluster-size pa 2 ngati maseva ndi atatu, pa 3 ngati ndi asanu, ndipo uonetsetse kuti map iliyonse ya ndalama (map ndi tebulo la deta mu Hazelcast) yamangiriridwa ku lamulo limeneli. Mbali yochepa izikana kulemba. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Abwana ako adzafunsa kuti, ndiye netiweki ikaduka pa Bangula ntchito iziima? Inde, kutapa kuziima. Kusungitsa mungalandire ndi lisiti lapamanja n'kudzalowetsa pambuyo. Katswiri wa makompyuta Eric Brewer anaifotokoza nkhaniyi m'chaka cha 2000: netiweki ikagawika, umasankha chimodzi, kupitiriza kuyankha aliyense kapena kusunga buku limodzi loona. Zonse ziwiri sizitheka. Pa mitengo ya tomato sankhani kuyankha. Pa ndalama za alimi a thonje amene akolola kamodzi pachaka, ine ndingasankhe pamzere anthu adandaule. Ndiponso buku lenileni la ndalama lizikhala mu database ya pa disiki monga PostgreSQL, Hazelcast izingosunga kope lofulumizira.

*Amalume, kuntchito kwathu ku Chikwawa tili ndi maseva asanu a Apache Ignite. Pafupifupi tsiku lililonse cha m'ma 2 koloko masana seva imodzi imatuluka yokha m'gulu. Mu log mumalembedwa kuti Local node SEGMENTED. Ndikaiyatsanso imagwira bwinobwino mpaka mawa. Nthawi zina ikatuluka, patapita mphindi zochepa inanso imatsatira. Netiweki ndaiyeza, ilibe vuto. Mnzanga wa ku Blantyre akuti ndingokweza failureDetectionTimeout. Ndichite?*

*Mlongo wanu, Dyeratu*

Achemwali, musakweze kaye. Mwana akamakomoka tsiku lililonse 2 koloko, sitiuza aphunzitsi kuti azichedwa kuitana mayina.

Maseva a Ignite amakhala ngati mkombero, aliyense amapatsira uthenga kwa womutsatira, monga uthenga wa maliro uyendera mudzi ndi mudzi. Wina akapanda kuyankha kwa masekondi 10, ndiyo failureDetectionTimeout ija, anzake amamulumpha n'kutseka mkombero popanda iye. Iye akadzidzimuka n'kupeza kuti wachotsedwa, amalemba SEGMENTED n'kudzizimitsa, kuopa kuchita zimene zachitikira mphwanga wa pa Nchalo uja. Ndiye funso lenileni ndi ili: n'chiyani chimagoneka seva yanu masekondi 10 dzuwa lili paliwombo?

Kwerani m'mwamba pang'ono mu log yomweyo, mizere ya mphindi ziwiri zisanafike pa SEGMENTED. Ndikukhulupirira mupeza mawu akuti Possible too long JVM pause, ndi nambala ya ma millisecond. Ignite inalembedwa mu Java, ndipo Java ili ndi wosesa wake, garbage collector, amene amachotsa zinyalala mu RAM. Kusesa kwa masiku onse sikumveka n'komwe. Koma malo akadzaza, wosesayu amaimitsa aliyense m'nyumba kuti asese bwino, ndipo pa nthawiyo seva siyankha ngakhale moni. Ili moyo, magetsi ake akuyaka, ping (kauthenga koyezera netiweki) ikuyankha, chifukwa ping imayankhidwa ndi Linux osati Java. N'chifukwa chake netiweki mukuiona yabwino.

Zogoneka seva zimene ndakumana nazo ndi zitatu, ndipo ndinaziphunzira tsiku limodzi. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa ku ofesi ina kufupi ndi minda ya nzimbe. Dzina ndisunga. Matenda anali ngati anuwa. Ndinafika m'mawa ndi laputopu, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi Java, n'kuyatsa log ya wosesa uja ndi -Xlog:gc*. Ndinakhala pampando wapulasitiki kudikira 2 koloko ngati mlonda wa mbalame m'munda wa mapira. Itakwana 1:50, mtsikana wa ku akaunti anadina batani la lipoti la tsiku. Lipotilo linkakoka mizere yonse ya tebulo nthawi imodzi. Ignite imasunga deta kunja kwa heap ya Java (chigawo cha RAM chimene wosesa uja amasesa) kuyambira mtundu wa 2.0 wa 2017, koma zotsatira za funso ngati limenelo zimadzera mu heap. Inadzaza ndikuona. Ndinati ndagwira mfiti.

Koma nthawi yoima inali yaitali kuposa mmene heap ya kukula kumeneko imayenera kuimira. Ndinatsegula vmstat 1 n'kuyang'ana mizati iwiri yotchedwa "si" ndi "so", yoonetsa deta yosamuka pakati pa RAM ndi disiki. Imayenera kukhala 0. Inali kuthamanga ngati mita ya madzi paipi itaphulika. Munthu wina anapatsa Java ndi Ignite RAM yoposa imene inali m'makinamo, ndiye Linux inkakankhira zina pa disiki, chimene timati swap. Wosesa ankasesa nyumba imene theka la katundu lili kunkhokwe, kutenga chimodzichimodzi.

Chachitatu ndinachipeza ndi dzanja. Nditatsamira pa kabati ya maseva ndinachotsa mkono msanga, chitsulo chinali ngati chiwaya cha tchipisi. Makina oziziritsa m'chipindamo anafa kalekale, anthu n'kuikamo fani yapatebulo. Titatsegula seva, masefa a kutsogolo anali atamatidwa ndi phulusa lakuda la nzimbe zootcha losakanikirana ndi fumbi, lokhuthala ngati bulangete, ndipo kuseri kwa fani imodzi kunali nalimata wouma. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Ndiye 2 koloko ya Okutobala, lipoti likukoka, swap ikukwawa, purosesa ikuyenda mwaulesi. Chimodzi chokha mwa zitatuzi sichikanaigwetsa. Bungwe la akatswiri a zoziziritsa la ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa m'maseva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Kuno panja pamadutsa 40, ndiye ganizirani kachipinda kotseka kopanda zenera.

Inuyo yendani njira yomweyo. Funsani kuti ndani amachita chiyani 2 koloko: lipoti, backup (kusunga kope la deta pamalo ena), kapena ntchito ina ya cron (yodziyambitsa yokha pa nthawi yoikika) imene aliyense anaiwala. Onani free -h ndi vmstat. Phatikizani heap, malo a deta a Ignite, ndi zimene Linux imafuna, muone ngati zikukwana mu RAM ndi kutsalako. Mukapanda kuuza Ignite, malo a deta imatenga 20 peresenti ya RAM ya makinawo, ndiye onani ngati wina anasintha. Onani dmesg -T, mufufuze mawu onena za kutentha kapena akuti Out of memory. Ndipo lowani m'chipindamo masana, osati m'mawa.

Zoti inanso imatsatira, chifukwa chake n'chosavuta. Seva ikatuluka, zinayi zotsalazo zimayamba kugawana magawo ake n'kukopera makope atsopano. Imeneyi ndi ntchito yolemera, ndipo ikugwera makina otopa kale. Ng'ombe imodzi ikagona pagoli, inzake siichedwa. Inu mukayatsanso yoyamba ija pomwepo, kugawana kumayambiranso kubwerera, katundu kawiri. Muzidikira log inene kuti rebalance, kugawana kuja, yatha. Mukakonza zonsezi, ngati pakufunikabe, timeout mutha kuikweza pang'ono. Mnzanu wa ku Blantyre sananame kwenikweni, wangoyambira kumchira.

*Amalume, tili ndi Redis, seva yaikulu imodzi ndi ziwiri zokopera. Anatiuza kuti deta ili malo atatu, siingatayike. Magetsi atazima, yaikulu yokha ndiyo inazima chifukwa UPS yake (bokosi la batire losungira magetsi) inakhala mphindi ziwiri basi. Itayakanso, maseva onse atatu anali opanda kanthu. Zitheka bwanji, pamene awiriwo sanazime?*

*Wodabwa, Nsanje boma*

Zitheka, achimwene, ndipo ngakhale malangizo a Redis eniake amachenjeza za msampha umenewu. Seva yaikulu yanu sinkalemba kalikonse pa disiki. Itazima, lichero linatayika. Magetsi atabwera, Linux inaiyatsanso yokha mwamsanga, ili mbee. Ziwiri zokoperazo ntchito yawo ndi imodzi, kufanana ndi yaikulu. Zinaona mkulu wabwera chimanjamanja, nazonso zinakhuthula zawo kuti zifanane naye. Zinamvera bwino kwambiri.

Kukopera si backup. Kumakutetezani makina amodzi akafa, koma cholakwika chilichonse chimakoperedwanso pa liwiro lomwelo. Wina akalemba FLUSHALL mwangozi, maseva atatu onse amayera m'kuphethira kwa diso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Deta ya mu RAM ndi ya pachala.

Redis ili ndi njira ziwiri zolembera pa disiki. RDB imajambula deta yonse nthawi ndi nthawi, ndiye mukazimirwa mumataya zonse za pambuyo pa chithunzi chomaliza. AOF imalemba lamulo lililonse losintha deta m'fayilo. Mukaika appendonly yes ndi appendfsync everysec, chimene mungataye ndi cha sekondi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Yatsani zonse ziwiri. Fayilo ya RDB muziikopera tsiku lililonse kumalo ena kunja kwa nyumbayo, makamaka kumtunda. Amene anaona madzi a Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa chifukwa chake. Kamodzi pamwezi tengani fayiloyo muidzutsire pa kompyuta ina, muone ngati ikudzukadi. Ndaonapo anthu akusunga mafayilo opanda kanthu chaka chathunthu.

Chinanso, pojambula RDB, Redis imadzigawa pawiri kwa kanthawi, ndipo ngati anthu akulemba kwambiri pa nthawiyo imafuna RAM yoonjezera. Musadzaze makina mpaka pakamwa. Ikani maxmemory yosiya malo, ndipo pa Linux muike vm.overcommit_memory pa 1 monga Redis yomwe imapemphera mu log ikamayaka.

Za UPS ya mphindi ziwiriyo, si ufiti. Mabatire a mtovu amapangidwira kutentha kwa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 moyo wawo umadulidwa pakati. Batire limene ku Dedza lingathe zaka zinayi, kuno musaliwerengere choncho. Muziliyeza pozula pulagi dala, tsiku lopanda anthu. Lumikizaninso UPS ku seva ndi pulogalamu monga NUT, kuti batire likatsala pang'ono seva izidzizimitsa mwaulemu itasunga zake. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene tinkayang'anira maseva nthawi imeneyo tinaphunzira kuti mdani wamkulu si kuzima kwa maola ambiri, koma kuphethiraphethira kwa pamene jenereta ikulandira katundu.

*Amalume, ndaika Redis Cluster ya maseva asanu ndi imodzi. Iliyonse payokha ikuyankha pa 6379, koma polumikiza imangoti Waiting for the cluster to join, madontho n'kumachuluka mpaka ndatopa.*

*Wophunzira, Miseu Folo*

Tsegula khomo lachiwiri, mphwanga. Pa 6379 ndi pamene Redis imalankhulira ndi makasitomala. Maseva okhaokha amanong'onezana pa khomo lina, nambala yomweyo kuphatikiza 10,000, ndiye kuti 16379. Firewall yako, mlonda wa makomo a kompyuta, yatseka limenelo. Ulitsegule pakati pa maseva okha, osati ku intaneti yonse. Uonenso mzere wa bind mu redis.conf, usakhale pa 127.0.0.1 pokha. Ndipo popeza ukuphunzira, zikalumikizana uzule waya wa seva yaikulu imodzi dala, uwerenge masekondi mpaka yokopera yake italowa m'malo. Ziyenera kutenga masekondi 15 ndi kakusefukira. Kenaka uonetsetse kuti seva yaikulu ndi yokopera yake sizili pa kompyuta imodzi kapena pa adaputala imodzi ya magetsi.

*Amalume, ine za makompyuta sindizidziwa. Ndine msungichuma wa kopaletivi ya alimi a mpunga tsidya la kum'mawa kwa Shire. Tili ndi mamembala pafupifupi 3,000. Kwabwera anyamata a m'tauni ndi pepala la mtengo, akuti tigule maseva asanu a in-memory kuti kaundula wathu azithamanga ngati wa kubanki. Komiti yagawanika. Tigule?*

*Mayi wa ku East Bank*

Mayi, zikomo polemba musanasaine. Tiyeni tiwerengere limodzi ngati tikuyeza mpunga. Zonse za membala mmodzi, dzina, mudzi, nambala ya foni, matumba amene wabweretsa, ngongole ya mbewu, tingoti zitenge malo a masamba awiri olembedwa, ma kilobyte 10 mowolowa manja. Kuchulukitsa ndi 3,000 zikukwana ma megabyte 30. Foni imene mwana wanu amaonera mavidiyo ili ndi RAM yoposa pamenepo kambirimbiri. Anyamatawo akukugulitsani malole asanu kuti munyamulire thumba limodzi.

Makina a in-memory amenewa, osunga deta mu RAM, si achinyengo. Ali ndi malo ake: kumene anthu zikwizikwi akutumiza ndalama pa sekondi yomweyo, kumene deta singakwane m'makina amodzi, kumene kuchedwa kwa kaphindi kochepa kumataya ndalama. Koma werenganinso makalata anayi ali pamwambawa. Onse alembedwa ndi anthu ophunzira ntchitoyi, ndipo akusowa tulo. Maseva asanu amafuna chipinda chozizira usana ndi usiku, magetsi osaphethira, mafuta a jenereta, ndi munthu wodziwa kuwerenga log amene angafike msanga. Inuyo mukudziwa bwino kuposa ine kuti msewu wa kwanuko umakhala bwanji mu Febuluwale, mitsinje yochokera kumapiri a Thyolo ikadzaza. Mmisiri wa m'tauniyo adzakhala pa Thabwa akuimba foni.

Ngati kaundula wanu akuchedwa lero, chifukwa chake chili kwina. Mwina ndi kompyuta yakale ya disiki yozungulira, mwina ndi netiweki, mwina database ilibe index (kalozera wofulumizitsa kufufuza) pa dzina kapena nambala ya membala. Zonsezi mtengo wake ndi wochepa. Chimene ndingakulangizeni ndi kompyuta imodzi yabwino ya SSD yokhala ndi PostgreSQL, sola ndi batire lokwanira, ndi backup ya tsiku lililonse yopita kunja kwa dera lanu. Makope a mapepala musawataye, muziwasunga m'ndowa yotseka pamwamba pa kabati.

Ku komiti mukapite ndi mafunso atatu awa, muwafunse anyamatawo pamaso pa onse. Deta yathu yonse ndi ma megabyte angati? Magetsi akazima maseva onse nthawi imodzi, tidzataya za maola angati, ndipo mungationetse pompano pozula pulagi? Makinawa akafa Loweruka usiku mvula ikugwa, adzabwere ndani, pa galimoto yanji, ndipo tidzalipira zingati? Mayankho ake muwalembe mu maminitsi, kenaka munditumizire pamodzi ndi pepala la mtengolo kudzera kwa akonzi. Ndidzaliona mzere ndi mzere.